Tiyi wa pa Ng'anjo

Anandiimitsa pakhomo la tchalitchi anthu akutuluka. Anali a Jealous Nkhoma, mkulu wa mpingo wathu pa purazi pano, amenenso amalemba pa sikelo ya fodya. Anandigwira pachigongono ngati agwira wakuba nkhuku.

"A Mvula, Mgonero wa mwezi uno musayandikire ku tebulo."

Ndinawayang'ana.

"Pali nkhani. Akulu tikhala pansi pakatha masabata atatu, abusa akabwera kuchokera ku tauni ya Concession."

"Nkhani yanji?"

Anatulutsa foni. Munali chithunzi cha pa ukwati wa mwana wa a foromani. Wina anandijambula ndikuseka. Sindiseka kawirikawiri, koma tsiku limenelo mphepo inagwetsera tenti pamutu pa akwati. A Jealous anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri mpaka nkhope yanga yonse inachoka, kutsala mano okha. Anali othimbirira, ofiirira ngati khungwa, akuda m'mipata.

"Awa ndi mano a fodya," anatero. "Mukuika bute m'kamwa, fodya wopera uja, madala. Ndipo kumene bute amagawana tikukudziwa. Kudambwe."

Mpingo wathu umaletsa fodya, wosuta ngakhale woika m'kamwa. Sabata yonse timamubzala, kumuthyola, kumuumitsa ndi kumusankha, koma akafika pamlomo ndi tchimo. Lamulo limenelo ndinalilandira ndili mnyamata ndipo ndalisunga zaka makumi anayi. Kudambwe, kuseri kwa damu kumene amuna a gule wamkulu amasonkhana, sindinapondeko chibatizidwire.

"Ndi tiyi," ndinatero.

A Jealous anaseka mokweza kuti amene anali pafupi amve.

"Tiyi? Tonse timamwa tiyi. Taonani anga."

Anandionetsa mano awo oyera. Ndinavala chipewa n'kumapita.

Mgonero ndikanapirira. Nkhani inali ya manda.

Mwini purazi anatipatsa kamalo kumunsi kwa mitengo ya bulugamu. Pakati pake padutsa kanjira. Kumtunda kwa kanjirako kumagona anthu a mpingo. Kumunsi kumagona ena onse, pamodzi ndi odulidwa mu mpingo. Mkazi wanga Keziya ali kumtunda, zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Kumanzere kwake kuli mpata wokwana munthu mmodzi, pakati pa iye ndi chulu. Ndimaulambula mvula ikayamba ndi ikatha. Palibe pepala lonena kuti ndi wanga, koma komboni yonse imadziwa. Kumtundako malo atsala pang'ono kutha, ndipo mpata umenewo anthu amauyang'ana.

Akandidula, mpatawo upita.

Za tiyi zili chonchi. Ndimasonkha moto pa balani ya nambala folo, kuyambira sikisi m'mawa mpaka sikisi madzulo. Keziya ali moyo ankanditumizira tiyi m'botolo, wothira mkaka wa mbuzi zake, wotuwa ngati madzi a mpunga. Atamwalira mbuzi ndinagulitsa. Ndinapeza chitini, ndinachiika pamwamba pa chitseko cha ng'anjo. M'mawa ndimaponyamo masamba. Madzi akachepa ndimawonjezera madzi, akasuluka ndimawonjezera masamba. Sindikhuthula mpaka kuweruka. Pofika masana amakhala wakuda ngati oyilo wotuluka mu thirakitala. Ndimamwa pang'onopang'ono tsiku lonse, chifukwa pa ng'anjo kutentha kumabweretsa tulo, ndipo wosonkha moto akasinza fodya wa balani yonse amawonongeka.

A Jealous amamwa kapu imodzi pa teni koloko mu ofesi ya sikelo, yothira mkaka wa ufa masipuni atatu. Amayi a m'komboni, chiyambire chaka cha chifuwa chija, amamwa masamba a zumbani othyola kutchire. Zonsezi amazitcha tiyi. Koma si tiyi mmodzi.

Loweruka mwana wanga Everjoy anatsika kombi pamsewu waukulu n'kuyenda mpaka ku komboni. Amagulitsa m'sitolo ku Concession. Chithunzi chija chinali chitamufika kale pa foni. Anabwera ndi mutu wa mbuzi m'pepala, paketi ya soda, ndi bokosi la rooibos, tiyi wofiira uja amamwa iye.

"Nhai Baba, mwatichititsa manyazi gulu lonse la pa foni," anatero asanakhale n'komwe. "Tsukani ndi soda, m'mawa ndi madzulo. Masabata atatu akwana. Apo ayi tipite ku kiliniki, asisita akakuoneni akalembe kalata."

"Ayi."

"Ayi chiyani? Soda kapena kalata?"

"Zonse."

"Chifukwa?"

Munthu wotsuka mano mlandu usanakambidwe ndiye kuti wavomera. Ndipo ngati mawu anga a zaka makumi anayi akufunika chidindo cha mtsikana wa ku kiliniki kuti amveke, ndiye kuti mu mpingomo ndinkangotaya nthawi.

"Amayi anakupirirani bwanji inu?" Anamenyetsa poto pansi. "Munthu mukufunsidwa, mungoti tiyi. Tiyi! Fotokozani! Pakamwa muli napo. Mudzagona kumunsi ndi makani anuwo, amayi ali okha kumtunda, pambali pawo patagona munthu wosamudziwa."

"Phika mutuwo."

Anaphika akulira ndi mkwiyo. Tinadya. Anakwera kombi ya madzulo, soda ndi rooibos anazisiya pawindo.

Potaya mafupa ndinaona nsagwada ya mbuziyo. Kutsogolo kwake kunali mano asanu ndi atatu, oyera, ofanana. Ndinaima nayo m'manja nthawi yaitali.

Ndisanapite ku ng'anjo ndinasankha fodya mu shedi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mu shedi mtundu wa tsamba sakangana ndi pakamwa. Wina akati ili ndi lachikasu, wina nati lofiira, mumayala masambawo patebulo moyandikana, pamene pali kuwala, diso n'kuweruza. Akulu a mpingo onse anadutsa mu shedi imeneyo. Ndinaganiza kuti chinenero chimenecho achimva.

Ndinazula mano aja ndi pulayala, n'kuwatsuka. Ndinapeza zitini zinayi. M'choyamba ndinathira tiyi wanga wa pa ng'anjo. M'chachiwiri tiyi wa mkaka, monga amamwera a Jealous. M'chachitatu zumbani. M'chachinayi rooibos wa Everjoy. Chitini chilichonse mano awiri. Ndinazibisa kuseri kwa mulu wa nkhuni pa balani, kuti agalu asagubuduze. M'mawa uliwonse ndisanalandire moto ndinkagwada pamenepo, kukhuthula za dzulo ndi kuthira zatsopano, chifukwa wa mkaka ankasasa.

Patatha sabata kusiyana kunayamba kuoneka. Patatha masabata atatu ngakhale mwana akanaona. A mu rooibos anangosintha pang'ono. A mu zumbani anachita chikasu chapatali. A mu tiyi wa mkaka anatuwa ngati fumbi. A m'chitini changa anafanana ndi anga.

M'masiku amenewo amayi a Ricardina, mkulu wa amayi mu mpingo, ankamangirira masamba pa mitengo pafupi ndi balani yanga. Kawiri konse ndinadzuka pa zitini zija n'kupeza akundiyang'ana. Ndinawapatsa moni. Anayankha akuyang'ana kumbali.

Tsiku la mlandu abusa anafika pa njinga yamoto, thalauza litanyowa ndi matope. Ndi mnyamata, wophunzira, amalankhula Chishona kwambiri, Chichewa amangotola. Tchalitchi chathu ndi shedi yakale, muli mabenchi ndi tebulo limodzi. Kuseri kwa tebulolo kunakhala abusa, a Jealous, amayi a Ricardina ndi akulu ena awiri. Ine anandiimika kutsogolo.

A Jealous analankhula nthawi yaitali. Anawerenga vesi la thupi kukhala kachisi. Anayendetsa foni ija kwa aliyense. Anati munthu wamasiye amasungulumwa, ndipo kusungulumwa kumabwezera munthu ku za makolo. Anati iwo sakundida, akundikonda, n'chifukwa chake akundidzudzula.

"A Mvula, muli ndi mawu?"

Mawu ndinali nawo. Ndinawakonza masabata atatu pa ng'anjo. Koma ndinafuna aone kaye. Ndinatulutsa kansalu m'thumba la jekete, ndinakamasula patebulo, ndinayala mano aja awiriawiri, kuyambira oyera mpaka akuda, monga timayalira masamba.

Amayi a Ricardina anakuwa. Benchi inagwa kumbuyo kwawo.

"Mano! Mayo ine, mano a munthu!"

"A mbuzi," ndinatero.

"Patebulo la Ambuye! Pamene timaika mkate!"

Tebulo lina munalibe. Ndikanayala pansi?

"Ndinawaona ine," anapitiriza, akundiloza. "Kuseri kwa nambala folo, m'mawa uliwonse, atagwada, akulankhula ndi zitini. Ndinkaopa kunena. Ndi zimenezi!"

Ine amene sindilankhula ndi anthu, ndilankhule ndi zitini.

A Jealous anaimirira chakutali, manja kumbuyo. "Tinabwerera fodya, abusa. Taonani zimene Mulungu watiululira. Zithumwa. Munthu uyu walowa nazo m'nyumba ya Mulungu m'thumba."

Mmodzi wa akulu aja, amene ndinamuphunzitsa ndekha kusiyanitsa tsamba lapansi ndi lapamwamba, anatseka maso n'kuyamba kupemphera mokweza. Sanayang'ane n'komwe.

Abusa okha ndiwo anawerama. "Baba, zimenezi zikutanthauza chiyani?"

Ndinaloza. "Rooibos. Zumbani. Wa mkaka. Wanga."

Anayang'ana mano akuda aja, n'kuyang'ana pakamwa panga. Ndinaona m'maso mwawo kuti aona. Anatsegula pakamwa. Kenako anayang'ana a Jealous, anayang'ana amayi a Ricardina amene anali atagwira pamtima, n'kutseka. Iwo amabwera kamodzi pa miyezi iwiri. Enawo ndiwo amatolera anthu Lamlungu lililonse.

Ananditulutsa panja. Mvula inkawaza. Atandiitananso anati ndadulidwa kwa chaka, ndipo chaka chikatha ndidzaimirire pamaso pa mpingo wonse ndilape, za fodya ndi za zithumwa. Mano aja anali atawakankhira pansi ndi tsache. Palibe amene anafuna kuwakhudza.

"Ndilape chiyani?" ndinafunsa.

"Mwaona mtima wakewo?" anatero a Jealous.

Ndinatuluka. Sindinatseke chitseko.

Anandidula Loweruka. Lolemba linalo, patangopita masiku asanu ndi anayi, kunamwalira mai Chisoni, apongozi a Jealous. Anali okalamba, anadwala nthawi yaitali, ndipo sanandilakwirepo kanthu. Ndinamva kulira m'mawa ndikupita ku ntchito.

Cha m'ma seveni William, amene amasonkha pa nambala faifi, anabwera kudzapempha fosholo. Anaima osachoka.

"Mudhara, mwamva kumene akukumba?"

"Kuti?"

"A Jealous auza adzukulu kuti akumbe pa chulu paja. Akuti malo amenewo tsopano ndi a mpingo."

Wosonkha moto sasiya moto. Zaka zonse zimene ndakhala pa ng'anjo sindinausiyepo, ngakhale tsiku limene dzino linanditupitsa tsaya. Fodya wa m'balani yanga anali pa siteji youmitsa mitsitsi ya masamba, pamene kutentha sikuyenera kutsika. Ndinapatsa William fosholo.

"Ona moto wanga."

"A foromani akafunsa?"

Ndinali nditapita kale.

Ndinafika ku manda adzukulu asanafike. Udzu unali wonyowa. Ndinakhala pansi pakati pa Keziya ndi chulu, ndinatambasula miyendo, chipewa pabondo.

Anabwera asanu ndi mmodzi, ndi mapiki, makasu ndi mafosholo. Patsogolo panali Dominic, mkulu wa adzukulu. Pa purazi pano okumba manda ndi amodzi, kaya maliro ndi a kumtunda kaya a kumunsi, ndipo ambiri mwa iwo ndi amuna a gule. Dominic tinakulira limodzi. Abambo ake ndi abambo anga anachokera ku Dedza chaka chimodzi. Chilowere ine mu mpingo, ndinkangomupatsa moni wa pamsewu. Kumbuyo kwawo kunali a Jealous, atavala jekete lakuda, ndodo yoyezera m'manja.

"A Mvula, tachokani. Tili pa maliro."

Sindinasunthe.

"Musatichititse zachipongwe pa tsiku ngati lino. Malo awa ndi a anthu a mpingo. Inu panopa si wa mpingo."

"Kumbani kwina."

"Kwina kuti? Kwatsala ndi kumwala kuja, m'mbali mwa njira. Mayi wokalamba, wokhulupirika, tikamuike pamwala chifukwa cha munthu wa fodya?"

Dominic anatsitsa piki paphewa. "Wa fodya ndani?"

"Nkhani za mpingo sizikukukhudzani, a Dominic."

"Fodya amandikhudza. Ndamudya zaka makumi asanu." Anabwera n'kunjuta patsogolo panga. "Mcloud, tayasamula."

Palibe amene wanditchula dzina limenelo chimwalirire Keziya. Ndinamuyang'ana mokwiya.

"Yasamula, iwe, sindikuthira kanthu."

Ndinayasamula. Anayang'ana kumanja, kumanzere, ngati akugula ng'ombe. Kenako anaseka mpaka anakhala pansi pa udzu wonyowa.

"Amuna inu, tabwerani muone munthu wa fodya!" Anakoka mlomo wake wapansi ndi zala. "A Jealous, onani kuno. Fodya amakhala malo amodzi, apa, pamene umamuika. Mbali imeneyi yada, nkhama zathawa, mano atalika ngati a kavalo. Mbali inayi ilibe kanthu. Reason, onetsa ako." Mmodzi wa adzukulu anakoka mlomo. Zinali chimodzimodzi. "Tsono uyu wada pakamwa ponse mofanana, kutsogolo, kumbuyo, m'mipata, nkhama zili bwinobwino. Uyu fodya samudziwa. Tikanakhala naye kudambwe bwenzi tikumudziwa ife. Ameneyu ndi uja amamwa phula m'chitini pa nambala folo."

Adzukulu anaseka. Ine sindinaseke. Zimene ndinayala patebulo anthu anga anakana kuziyang'ana. Zinatengera munthu amene ndinkamulambalala pamsewu.

"Mawu a munthu wa kudambwe sitiwawerengera mu mpingo," anatero a Jealous.

"Koma mapiki athu mumawawerengera."

"Kumbani apa. Ndanena."

Dominic anadzuka, anasasa thalauza. Kuseka kunali kutatha.

"Ife sitikumba pamene pakhala munthu wamoyo. Piki ikagwa apa iye ali pompo, ndiye kuti tamuika ife. Zimenezo sindisenza. Mukafuna, mnyamuleni nokha, mukumbe nokha. Piki nayi."

Anaiponya pamapazi a Jealous. A Jealous anayang'ana pikiyo, anayang'ana ine, anayang'ana dzuwa. Maliro anayenera kutuluka m'nyumba masana, abale ochokera ku Mutorashanga anali kale m'njira. Manja awo ndi a bolopeni.

"Chabwino," anatero. "Kumbani kumwalako. Koma inu a Mvula mumve. Mukafa musanalape, mpingo sudzakuikani pano. Mudzapita kumunsi."

"Kunyamula mudzanyamula ndinu," anatero Dominic akutola piki yake. "Kukumba tidzakumba ndife. Bokosi limapita kumene kuli dzenje."

A Jealous anachoka osayeza n'komwe. Adzukulu anapita m'mbali mwa njira. Posakhalitsa piki inayamba kulira pamwala, ndipo Reason anayamba kutukwana mwalawo ndi mayi wake.

Dominic anatsalira pang'ono. Analankhula motsitsa, osandiyang'ana.

"Udziwe chinthu chimodzi, Mcloud. A mpingo akakana kubwera, nyimbo zanu zija ife sitizidziwa. Udzatsika chete."

Ndinaganiza za nyimbo imene anamuimbira Keziya, mpingo wonse utazungulira pomwe ndinakhalapa, ine nditagwira Everjoy paphewa. Inenso ndinaiimba pa maliro a anthu ambiri, a abambo a Jealous omwe.

"Mudzangokumba," ndinatero.

Anagwedeza mutu n'kupita kwa anzake.

Sindinachoke msanga. Ndinadziwa kuti ku balani a foromani akundifunafuna ndipo mwina kutentha kwatsika. Ndinakhala pomwepo, thalauza litanyowa, mpaka dzenje la kumwala lija linawafika adzukulu m'chiuno, poti munthu sangasinthenso maganizo.